Ndinagula kawiri gitala yamagetsi ya mwana wanga

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa cha makolo anzanga amene ana awo ayamba kuwapempha gitala yamagetsi, pamene iwowo sadziwa poyambira ndipo ndalama zawo n'zowerengeka. Ine ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina yaing'ono mumzinda wa Blantyre, ndipo za zoimbira sindidziwa kanthu kupatula banjo ya chigubu imene tinkakhoma tili anyamata kumudzi. Mwana wanga wamkazi, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 14 ndipo anali mu Fomu 1, anayamba kuphunzira kuimba m'chaka cha 2023 pa gitala yabokosi ya ku tchalitchi kwathu, imene achinyamata onse a kwaya ankalimbirana Loweruka masana. Mnyamata amene ankaimba lidi, gitala yotsogolera nyimbo, m'kwayamo anali pafupi kupita ku koleji, choncho mtsogoleri wa kwaya anandipeza tsiku lina titaweruka mapemphero n'kundiuza kuti, “Bambo, mwana wanuyu ali ndi khutu, koma popanda gitala yakeyake yoyeserera kunyumba sapita patali.” Ndinamulonjeza mwanayo kuti akakhoza bwino mayeso a kumapeto kwa chaka ndidzamugulira. Anakhozadi, ndipo mu Ogasiti, nditalandira chipereganyu cha kuntchito, ndinapatula K250,000 ya nkhani imeneyi.

Pa gulu lina la malonda pa Facebook ndinaona chithunzi cha gitala yofiira, yonyezimira, kumutu kwake kutalembedwa dzina loti Fender. Dzinali ndinali nditaliwonapo pa magitala a oimba akuluakulu, motero mtima unagunda. Tinapangana ndi wogulitsayo kuti tikumane ku Limbe, m'kanjira ka pakati pa mashopu a mafoni, ndipo anabwera nayo ili m'katoni. “Achimwene, iyi ndi yeniyeni, yangotsika kumene kuchokera ku Joni,” anatero. Anayamba ndi K200,000, tinanenerera mpaka tinafika pa K160,000. Pamalopo panalibe amplifaya (ampu, chokuzira mawu a gitala) yoyesera, komanso magetsi anali atazima, choncho ndinangoizunguliza m'manja kufufuza mikwingwirima, ndinakhwatcha nsambo n'kumva kuti zikulira, ndipo ndinalipira. Ndinakwera minibasi ndili wonyadira kuti ndagula chinthu chapamwamba pa mtengo wozizira.

Ndikanadziwa panthawiyo zimene ndinadziwa pambuyo pake, dzina lomwelo likanandichenjeza. Magitala enieni a Fender amapangidwa makamaka ku America, ku Mexico ndi ku Japan, ndipo ngakhale wotsika mtengo pa onsewo amagulidwa ndi madola mazana angapo. Kuyambira m'chaka cha 1982 kampaniyi imagulitsa magitala ake otsika mtengo pa dzina lina loti Squier, ndipo ambiri a iwo masiku ano amapangidwa ku Indonesia ndi ku China. Choncho munthu akakuwonetsani gitala yatsopano yolembedwa Fender pa mtengo wa foni wamba, dziwani kuti ndi yachinyengo kapena ndi yakuba. Gitala yotsika mtengo imene yalembedwa dzina la amene anaipangadi, ngakhale likhale losatchuka, ndi yodalirika kuposa imene yavala dzina la eni ake.

Nditafika kunyumba mwana analumpha ndi chimwemwe, ndipo amayi ake anachita kululutira. Koma usiku womwewo tinazindikira kuti gitala yamagetsi payokha imangonong'ona, chifukwa thupi lake ndi thabwa lopanda mphako, ndipo mawu ake amatuluka pokhapokha ikalumikizidwa ku ampu. Pa bajeti yanga ndinali nditangowerengera gitala yokha, pamene pankafunikanso ampu, kebulo, lamba wokolekera paphewa, chikwama, nsambo zapadera ndi timapulasitiki tokhwatchira. Sabata yotsatira ndinapeza ampu yaing'ono mu shopu ina yogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito wochokera kunja, ndipo ndinalipira K55,000. Mwini shopu anaiyatsa ine ndikuona, koma sindinalabadire kabokosi kolemera kamene anailumikizako, poganiza kuti ndi ekisitenshoni chabe. Pulagi yake inali ya mano awiri aphwatalala, motero ndinagula adaputala ya mano atatu pamsewu. Titangoilumikiza kunyumba inalira kamodzi, kenako panatuluka utsi ndi fungo la waya wopserera, ndipo sinayakenso. Kumbuyo kwake kunali kachitsulo kolembedwa 120V, 60Hz. Magetsi athu kuno ndi a 230V, 50Hz, mofanana ndi a ku South Africa ndi ku Britain, pamene a ku America ndi ku Canada ndi a 120V ndipo a ku Japan ndi a 100V. Kabokosi kaja kanali thiransifoma yotsitsa mphamvu ya magetsi. Adaputala imangosintha maonekedwe a mano a pulagi, siichepetsa mphamvu ayi. Musanalipire ampu iliyonse, itembenuzeni muwerenge kumbuyo, ndipo pakhale polembedwa 220V mpaka 240V, kapena 100V mpaka 240V. Mwini shopu anakana kundibwezera ndalama ponena kuti ampu inachoka pamalo pake ili yamoyo.

Komabe, zimene zimandiwawa kwambiri ndikakumbukira si ndalama zimenezi, koma zimene zinachitikira mwana m'miyezi yotsatira. Mtsogoleri wa kwaya anatilola kubwereka ampu ya ku tchalitchi pakati pa sabata, ndipo mwana anayamba kuyeserera ndi mtima wonse akangoweruka kusukulu. Posakhalitsa nsonga za zala zake zinatupa, ndipo m'mphepete mwa chala cholozera munachekeka chifukwa mapeto a mafreti, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, anali akuthwa. Ankatchuna gitala mosamala pogwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni ya amayi ake, nsambo zonse zisanu ndi imodzi n'kugwirizana, koma akangogwira kodi (chord), kudinikiza nsambo zingapo pamodzi, mawu ankamveka osokonekera. Zinthu zinkaipiratu akatsikira kumunsi kwa khosi la gitala, kumene kumaimbidwira lidi ya nyimbo zathu zambiri za kwaya zimene zimatengera kaimbidwe ka rumba ndi sungura. Loweruka lina anabwera kuchokera kokonzekera nyimbo maso ali ofiira, n'kunena kuti anzake ankamutembenukira nthawi iliyonse akalowa ndi lidi. “Ababa, mwina ine gitala sindingaithe,” anatero. Ine ndinamukalipira kuti ndi ulesi, ndipo ndinamukumbutsa ndalama zimene ndinawononga. Sanandiyankhe, koma kuyambira tsiku limenelo gitala inakakhala pamwamba pa wadiropu, ndipo iye anabwerera kumzere wa oimba ndi pakamwa.

Mfundo imene ndikufuna kholo lililonse liimvetse ndi yakuti mwana wongoyamba kumene alibe njira yosiyanitsira vuto la zala zake ndi vuto la chida. Katswiri akagwira gitala yoipa amadziwa pomwepo n'kuiika pansi, koma wophunzira amadziimba yekha mlandu, ndipo ambiri amasiya pamenepo akukhulupirira kuti alibe luso. N'zoona kuti zala zimapweteka masabata oyamba mpaka khungu litalimba, koma gitala yamagetsi yokonzedwa bwino imayenera kukhala yofewa kugwira kuposa yabokosi, chifukwa nsambo zake n'zopyapyala ndipo zimakhala pafupi ndi mafreti. Mwana amene ankatha kuimba pa gitala yabokosi akayamba kulephera pa yamagetsi, kayikirani gitalayo musanakayikire mwanayo.

Zinthu zinasintha mu Okutobala, pamene mtsogoleri wa kwaya, ataona kuti mwana wagwa ulesi, anatilozera kwa mkulu wina wa ku Ndirande amene ankaimba m'mabandi kalekale ndipo tsopano amakonza magitala ndi masipika pakhonde pa nyumba yake. Tinapita tonse awiri kukutentha kwambiri. Mkuluyo atailandira gitala sanaiimbe. Anaimika thupi lake pa bondo, anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana motsatira khosi kuchokera kumutu, kenako anandiitana kuti nanenso ndione. Khosilo linali litapotoka ngati mpini wa khasu wosemedwa pa mtengo wauwisi, mbali ya nsambo zazikulu itakwera ndipo ya zazing'ono itatsika. Anatenga rula yachitsulo n'kuyeza mpata wa pakati pa nsambo ndi freti ya 12, ndipo unali pafupifupi mamilimita 5. Anandiuza kuti pa gitala yamagetsi mpata umenewu umayenera kukhala pafupifupi mamilimita 2 pa nsambo yaikulu ndi 1.5 pa yaing'ono. M'kati mwa khosi la gitala mumakhala chitsulo chotalika chimene amisiri amachitcha truss rod, ndipo ndi chimene amamanga kapena kumasula kuti awongole khosi likapindika. Mkuluyo analowetsa Allen key pa kabowo ka kumutu, koma inkangozungulira osagwira kanthu, kusonyeza kuti mazinga anali atadyeka. Atailumikiza ku ampu yake anagogoda pickup iliyonse, kachipangizo ka pansi pa nsambo kotola mawu ake, ndi nsonga ya sikuludiraiva, ndipo yapakati sinayankhe konse.

Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi gitala yake yakale, penti itasupuka pamene mkono umagona, n'kumupatsa mwana. “Mwanawe, tandiimbire nyimbo imene imakuvuta ija.” Mwana anazengereza, koma atayamba, lidi ija inatuluka yoyera kuyambira poyamba mpaka pothera. Anayang'ana zala zake, kenako anandiyang'ana ine, ndipo ine ndinasowa poika nkhope. Mkuluyo anati, “Bambo, mwanayu vuto alibe. Safunsa anadya phula. Mukanabwera kuno ndalama zili m'thumba, tikanapitira limodzi.” Anandiuza mosabisa kuti khosi lopindikira kutsogolo kapena kumbuyo limawongoka ngati truss rod ikugwira, koma lopotoka limafunika kusinthiratu, ndipo pa gitala ngati imeneyo kunali kutaya ndalama kawiri. Ndinamulipira K10,000 ya nthawi yake, ndipo masanawa anandiphunzitsa zimene ndimayenera kuchita ku Limbe kuja.

Zimene anandiphunzitsazo sizifuna kuti munthu akhale woimba. Poyamba muyang'ane khosi motsatira m'litali mwake monga anachitira iye, ndipo muyendetse chala m'mphepete mwake kuti mumve ngati mafreti akubaya. Mukatero mudinikize nsambo yaikulu pa freti yoyamba ndi pa yomaliza nthawi imodzi, muone pakati pa khosi, cha pa freti ya 7 kapena ya 8: pamayenera kutsala kampata kochepetsetsa kongolowa kapepala kolimba, osati kugundana kapena kuyasama. Chachikulu kwambiri kwa mwana wofuna kuimba lidi ndi ichi: mutchune nsambo ili yosagwira, kenako muidinikize pa freti ya 12, ndipo pulogalamu yotchunira iyenera kuwonetsa noti yomweyo. Ikasiyana pang'ono, mmisiri amakonza posuntha timipando ta nsambo pa bridge, chitsulo chogwira nsambo pa thupi la gitala, koma ikasiyana kwambiri pamene timipandoto tafika kale kumapeto, gitalayo siidzagwirizana ndi kiyibodi ya kwaya ngakhale mutatani. Muimbe nsambo iliyonse pa freti iliyonse kuti mumve ngati pali pamene mawu akufa kapena kunjenjemera. Pomaliza, musalipire musanaimve pa ampu: musunthe switch yosankhira ma pickup m'malo ake onse, muzungulize timabatani ta voliyumu ndi toni kuti mumve ngati tikukhetchera, ndipo mugwedeze kebulo polowera pake. Wogulitsa akanena kuti ampu palibe kapena magetsi azima, muuzeni kuti mudzabwera tsiku lina.

Wogulitsa uja ndinamuimbira kangapo, ndipo poyamba ankalonjeza kuti tikumana, kenako nambala yake inasiya kupezeka. Mkulu wa ku Ndirande anaigula gitalayo pa K40,000 kuti azichotsako zipangizo zokonzera ena. Ndili mkati moganiza zogula ina, mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera m'masiku ochepa. Magitala atsopano amene ndinawaona m'mashopu a m'tauni mwezi wapitawo anali atachoka pamene dzanja langa likanafika. Nthawi imeneyi inali yowawa pakhomo, chifukwa amayi a mwana ankaona kuti nkhaniyi yadya kale ndalama zokwanira, ndipo sankalakwa. Chimene chinatigwirizanitsa ndi chakuti mkulu uja analola kuti mwana azipita kukayeserera pa gitala yake Loweruka m'mawa, ndipo tonse tinaona kuti wabwerera mwakale. Amayi ake ndi amene anakatenga ngongole ku banki m'khonde ya m'dera lathu.

Mlamu wanga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo anavomera kutifufuzira gitala yogwiritsidwapo kale ntchito m'mashopu a zoimbira a kumeneko. Mkulu uja anatipatsa mayina atatu oti tizifunsa, ndipo anatifotokozera kusiyana kwake moleza mtima. Squier Stratocaster yamtundu wa Affinity nthawi zambiri imakhala ndi ma pickup atatu opyapyala otchedwa single coil, amene amatulutsa mawu owala ndi akuthwa, oyenera rumba, sungura, rege ndi nyimbo za kwaya, ngakhale kuti amakonda kung'ung'udza akakhala pafupi ndi zipangizo zamagetsi. Epiphone Les Paul Special II ili ndi ma pickup awiri okhuthala otchedwa humbucker, amene mawu ake ndi onenepa ndipo sang'ung'udza, oyenera kwambiri nyimbo za rock. Nsambo zake n'zofupikirako, mainchesi 24.75 poyerekeza ndi 25.5 a Stratocaster, motero mafreti amayandikana ndipo zala zazifupi zimafika mosavuta. Yamaha Pacifica 012 ili pakati pa ziwirizi, chifukwa ili ndi ma single coil awiri ndi humbucker imodzi, mafreti 22 ndi switch ya malo asanu, kotero mwana amene sanakhazikike pa mtundu umodzi wa nyimbo amapeza mawu onse awiri. Ndinafunsa ngati sikungakhale bwino kumugulira gitala yaing'ono yopangidwira ana, monga Squier Mini, koma mkuluyo anayeza dzanja la mwana pa khosi la gitala yake n'kunena kuti wa zaka 14 angoyambiratu pa yaikulu, kuopa kugulanso pakatha chaka. Anatichenjezanso kuti tipewe gitala iliyonse yokhala ndi bridge yamtundu wa Floyd Rose, chifukwa kusintha nsambo ndi kutchuna pa imeneyo kumasautsa ngakhale anthu ozolowera. Mwana anasankha Pacifica, ndipo ine ndikuona kuti kumulola kusankha yekha pakati pa zinthu zitatu zabwino kunathandiza kuti aikonde.

Kumayambiriro kwa Disembala mlamu anapeza Pacifica 012 yakuda mu shopu ina imene imapereka risiti. Tinapangana ola, ine ndi mwana tinapita ku Ndirande, ndipo tinaimba foni ya vidiyo pa WhatsApp. Mkulu uja ankalamula ali pakhonde pake, mlamu ndi mnyamata wa mu shopumo n'kumachita: kuloza kamera motsatira khosi, kuika rula pa freti ya 12, kugogoda ma pickup, kuonetsa nambala ya gitala imene ili kumutu, ndiponso kupotoza truss rod pang'ono kuti tione kuti ikugwira. Inali ndi chipsera kumbuyo kumene lamba wa thalauza amakhula, ndipo chifukwa cha chipseracho anatichotserako mtengo mpaka R3,200, imene nditatumiza inandidyera pafupifupi K330,000. Zipsera za penti zisakuopseni, chifukwa sizisintha mawu. Pa ampu tinasankha Blackstar Fly 3 yogwiritsidwapo kale ntchito, kaampu ka mawati atatu kamene kamayendera mabatire asanu ndi limodzi a AA, ndipo kali ndi polowetsera mahedifoni komanso polumikizira foni kuti mwana aziimba motsatira nyimbo. Pamodzi ndi adaputala yake ya magetsi inakwana pafupifupi K120,000. Kwa ife amene magetsi amazima nthawi zosadziwika, ndiponso amene timakhala m'nyumba zogundizana ndi anansi, ampu yotere ndi yothandiza kuposa yaikulu. Mwana woyeserera m'chipinda safunika mawati oposa 10 kapena 15, popeza ku tchalitchi amakapeza zokuzira mawu za komweko.

Kubweretsa katunduyu ndi kumene kunatiyesanso mtima. Khosi la Pacifica, mofanana ndi la Squier, limamangidwa ku thupi ndi masikuluwu anayi, choncho mkulu uja analangiza mlamu kuti amasule nsambo, achotse khosi, akulunge zonse m'mabulangete n'kuziika m'katoni yolimba. Malangizo amenewa anapulumutsa gitala, chifukwa katoniyo inafika itaphwanyika ngodya imodzi. Tinapereka katunduyo kwa munthu wina wonyamula katundu wa anthu pa msewu wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, ndipo analonjeza kuti afika Khirisimasi isanakwane. Mwezi wa Disembala katundu wochokera ku Joni amachuluka kwambiri, ndipo wathu anatsalira ulendo woyamba ndi wachiwiri womwe. Khirisimasi inadutsa, chaka chatsopano chinadutsa, ndipo mwana anasiya kufunsa, zimene zinandipweteka kuposa akanamafunsa. Katoni inafika kumapeto kwa Januwale 2024. Titapangana K45,000, wonyamulayo anafuna K30,000 yowonjezera ponena kuti ndi ya msonkho wa pachipata, koma chikalata chake sanandionetse, ndipo ndinalipira kuti katundu atuluke. Amene mukufuna kutsata njira imeneyi, mugwirizane polemba uthenga ngati mtengowo ukuphatikiza msonkho kapena ayi, risiti ya ku shopu iyende ndi katunduyo inu mutasunga chithunzi chake, ndipo ngati n'kotheka mupewe mwezi wa Disembala.

Gitala itafika sitinaipereke kwa mwana nthawi yomweyo, koma tinapita nayo kaye ku Ndirande. Mkulu uja anabwezeretsa khosi, anaika nsambo zatsopano zopyapyala za .009 mpaka .042 zimene ndi zofewa kwa wophunzira, anatsitsa nsambo kufika pa muyezo uja, ndipo anatenga nthawi yaitali akusuntha timipando ta pa bridge mpaka nsambo iliyonse inagwirizana pa freti ya 12. Anatsegulanso kumbuyo, kumene kuli masipuling'i a tremolo, amene amalola bridge kugwedezeka, n'kulowetsamo kathabwa kosema bwino kuti bridge isamagwedezeke, ponena kuti mwana aphunzire kaye pa gitala yosasuntha matchunidwe, ndipo kathabwako kadzachotsedwa akadzafuna. Ntchito yonseyi pamodzi ndi nsambo inakwana K30,000. Ine ndikuona kuti ndalama imeneyi ndi imene inagwira ntchito kuposa zonse, ndipo ngakhale mutagula gitala yatsopano ya m'katoni, muipititse kwa mmisiri mwana asanaizolowere molakwika. Anatiuzanso kuti tiitane wodziwa zamagetsi aone soketi ya m'chipinda cha mwana, chifukwa ampu yolumikizidwa pa soketi yopanda waya wa earth imang'ung'udza, ndipo ikakhala ndi vuto m'kati ikhoza kugwiritsa munthu shoko kudzera pa nsambo. Soketiyo inapezekadi kuti inalibe waya ameneyu, ndipo tinaikonzetsa.

Ndikawerengera zonse monga mwa ntchito yanga, ulendo woyamba unatayitsa K185,000 titachotsera zimene zinabwerako pogulitsa gitala yofiira ija. Ulendo wachiwiri, kuphatikizapo kebulo, lamba ndi chikwama zimene tinagula kuno pa K40,000, unakwana pafupifupi K595,000, osawerengera chiwongoladzanja cha ku banki m'khonde chimene tinamaliza kubweza mu Epulo. Mwa kuwerengera kwanga, K250,000 imene ndinali nayo mu Ogasiti, kwacha isanagwe, ikanakwanira gitala yomweyi n'kutsalako poyambira ampu. Mitengo imeneyi yasintha kale, choncho musaitenge ngati muyezo wa lero, koma kagawidwe kake n'kamene kangakuthandizeni: pafupifupi theka la ndalama lipite ku gitala, ndipo theka linalo mulisungire ampu, mayendedwe, mmisiri ndi tizipangizo ting'onoting'ono.

Mwana anabwerera pa lidi ya kwaya pa Pasaka wa 2024, ndipo mpaka lero akuimba pa gitala yomweyo. Ndalama imene imatulukabe ndi ya nsambo. Nyengo ya mvula zimachita dzimbiri msanga, makamaka zitatu zazing'ono, ndipo tinaona kuti zimakhalitsa ngati iye wasamba m'manja asanaimbe, n'kuzipukuta ndi kansalu kouma akamaliza, kenako n'kuibwezera gitala m'chikwama kutali ndi zenera ndi dzuwa. Nsambo yaing'ono kwambiri ndi imene imaduka kawirikawiri, choncho mlamu akamabwera timamutuma mapaketi angapo, popeza kuno zimasowa nthawi zina ndipo zina zogulitsidwa m'mapaketi a mayina otchuka zimakhala zachinyengo. Mabatire wamba amatha msanga, motero tinagula otchaja. Pa gitala yeniyeniyo chimene chavutapo n'chimodzi chokha: nati ya polowera kebulo inamasuka, mwana anaipotoza ndi dzanja mpaka kawaya ka m'kati kanaduka, ndipo mkulu wa ku Ndirande anakawotcherera pa K3,000 n'kumuonetsa kuti pomanga natiyo azigwira kaye chitsulo cha m'kati kuti chisazungulire.